Mapu, Masiku ndi Ligi: Mbiri ya Liwiro la M'tauni ndi Zimene Kafue Estates Ingatolepo

Pali masewera amene munthu amathamanga atagwira mapu m'manja, ndipo mapuwo amawaona koyamba pa mphindi imene wauzidwa kuti anyamuke. Dzina lake padziko lonse ndi orienteering. Papepalapo pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kosonyeza poyambira, kenaka tizindikiro tozungulira tokhala ndi manambala, ndipo pamalo alionse otere pamakhala kambendera ka mitundu iwiri, woyera ndi wa lalanje, kamene wothamangayo ayenera kukapeza. Manambalawo amawatsata mwandondomeko, koma njira yochokera pa nambala ina kukafika pa inzake amasankha yekha, ndipo mpikisano wonse wagona pamenepo. Ku Zambia ndi ku Malawi masewerawa sadziwika kwenikweni, ngakhale kuti ana asukulu amaphunzira kuwerenga mapu, ndipo asilikali ndi ma Scout amaphunzitsidwa kuyenda ndi kampasi. Amene anawamvapo amawayesa masewera a m'nkhalango za kumayiko ozizira, osatikhudza ife. Koma mbiri yake ikusonyeza kuti chimene chinawakulitsa, makamaka atalowa m'matauni, ndi ntchito ya anthu okonza mpikisano: kujambula mapu onena zoona, kugwirizana masiku ndi eni malo, ndi kusanja opambana m'njira imene wogonja angaivomereze. Zitatuzi zili ndi dongosolo lake, ndipo amene wayamba ndi chomaliza amagwa. Kafue Estates, tauni ya ku Zambia imene inayamba yakhala papepala nyumba zisanamangidwe, ndi malo abwino oyeserapo mfundo imeneyi.

Chiyambi chake n'chausilikali. Mu 1886 asilikali a ku Sweden anali ataliyamba kale dzinali, potchula luso lodutsa dera losalidziwa ndi mapu ndi kampasi. Mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitika ku Norway pa 31 Okutobala 1897, pafupi ndi mzinda umene lero ndi Oslo, ndipo opikisana anali 8 okha. Kwa zaka makumi awiri masewerawa anangokhala a anthu ochepa chonchi. Amene anawatulutsa poyera ndi Major Ernst Killander wa ku Stockholm, mtsogoleri wa ma Scout komanso wa bungwe la masewera othamanga mumzindawo. Iye anaona kuti achinyamata akutopa ndi kuzungulira bwalo limodzimodzi, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha anakonza mpikisano umene anthu oposa 200 analembetsa. Chofunika kuchiona n'chakuti Killander amakumbukiridwa chifukwa cha malamulo amene anakhazikitsa, magulu a zaka amene anagawa, ndi nzeru zake za kuika mbendera pamalo oyesa mutu wa munthu. Nkhalango za ku Sweden zinalipo kuyambira kale, othamanga analiponso, koma panasowa wozilumikiza. Kampasi yotsika mtengo inabwera pambuyo: Gunnar Tillander ndi abale a banja la Kjellström anayambitsa kampani ya Silva mu 1933, ndipo pofika nthawi imeneyo masewera anali atapeza kale anthu ofuna kugula kampasizo.

Vuto lalikulu la zaka zoyambazo linali mapu. Opikisana ankagwiritsa ntchito mapu a boma ndi a asilikali, akuda ndi oyera, osonyeza phiri ndi mtsinje koma osasonyeza dambo laling'ono kapena thanthwe limene lingamuimitse munthu. Pa mapu otere wopambana nthawi zambiri ankakhala wamwayi, kapena mwana wa m'deralo amene ankadziwa zimene pepala silinanene. Mu 1950 ku Norway kunatuluka mapu oyamba amitundumitundu ojambulidwira masewerawa, ntchito ya Knut Valstad. Bungwe la dziko lonse la International Orienteering Federation, IOF mwachidule, litakhazikitsidwa ku Copenhagen mu 1961 ndi mayiko 10, imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kugwirizanitsa zizindikiro, kuti munthu wa ku Hungary akatsegula mapu a ku Finland awamve popanda womasulira. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika ku Fiskars, ku Finland, mu 1966, ndipo malamulo a zizindikiro anatuluka mu 1969. Kuchokera pamenepo mfundo yakhala imodzi: chilichonse chimene chingamuthandize kapena kumuchedwetsa wothamanga chiyenera kuoneka papepala, kuti mlendo ndi mwinimudzi anyamuke akudziwa zofanana.

Kulowa m'tauni kunadzera njira ziwiri. Njira yapamwamba inali ya akatswiri amene anatopa ndi kuthamanga m'nkhalango mopanda owaonerera, mopanda kamera, mopanda makampani ofuna kuikapo ndalama. Mu 1996 anayambitsa Park World Tour, mipikisano yaifupi ya m'mapaki ndi m'misewu ya mizinda. IOF inatsatira mu 2001, pamene inaika liwiro lalifupi lotchedwa sprint pa mpikisano wa dziko lonse ku Tampere, ndipo Jimmy Birklin wa ku Sweden ndi Vroni König-Salmi wa ku Switzerland anapambana. Lamulo lake ndi lakuti wopambana amalize m'mphindi 12 mpaka 15. Mu 2014 mpikisanowu unachitikira m'tinjira ta mzinda wa Venice, ndipo tsopano chaka china akatswiri amapikisana m'nkhalango, chaka chinacho m'tauni mokhamokha, monga zinachitikira ku Denmark mu 2022 ndi ku Edinburgh mu 2024. Njira inayo inali yapansi, ndipo ndi imene ili ndi phindu kwa ife. Ku Melbourne, ku Australia, ndi m'matauni ambiri a ku Britain, makalabu ankachititsa timipikisano tamadzulo a pakati pa sabata, pa mapu wamba osindikizidwa motchipa, pomwe umboni woti wafika pamalo unali kulemba nambala ya pa mtengo wa magetsi kapena pa bokosi la makalata. Kuchokera m'chizolowezi chotere munatuluka mipikisano ikuluikulu ngati London City Race, imene kalabu ya South London Orienteers inayambitsa mu 2008, ndiponso ligi ya dziko lonse la Britain ya mipikisano ya m'tauni.

M'tauni funso la wothamanga limasintha. M'nkhalango amadzifunsa kuti ndili pati; m'tauni kawirikawiri amadziwa pamene ali, koma amadzifunsa kuti pakati pa nyumba ziwirizi pali podutsa kapena palibe. N'chifukwa chake mapu a m'tauni ali ndi malamulo akeake. Sikelo yake ndi 1:4,000, sentimita imodzi papepala kuimira mamita 40 pansi, pamene mapu a boma a 1:50,000 amene ana amaphunzirira kusukulu amapanikiza mamita 500 m'sentimita yomweyo. Mzere wakuda wokhuthala ndi khoma kapena mpanda woletsedwa kuulumpha, ngakhale munthu atakhala ndi miyendo youtha. Mtundu wobiriwira moderako ndi pakhomo pa munthu kapena dimba la maluwa, ndipo wopondapo amachotsedwa mumpikisano. Wokonza njira waluso amaika mbendera ziwiri moti pakati pake pakhale mdadada wa nyumba: wina azungulire kumanja, wina kumanzere, wina aone kampata kakang'ono kamene kamafupikitsa ulendo ndi masekondi khumi. Koma kampatako kakapezeka kotseka ndi loko pa tsiku la mpikisano, pamene mapu akusonyeza kuti n'kotsegula, zotsatira zonse zimakhala zopanda pake, chifukwa amene anawerenga bwino ndi amene walangidwa. Geti limodzi lingathe kuononga ntchito ya miyezi itatu.

Tsono Kafue ikulowamo bwanji? Tauni yakale inamera pa njanji, pamene mlatho wa mamita 427 unawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, makilomita oposa 40 kum'mwera kwa malo amene Lusaka ili lero. Kwa zaka zambiri inali kasiteshoni ka alimi ndi asodzi. Zinthu zinatembenuka Ian Smith atalengeza ufulu wake wa Rhodesia pa 11 Novembala 1965. Boma la Kenneth Kaunda linaona kuti dziko lodalira katundu wodzera kum'mwera lagwidwa pakhosi, ndipo linaganiza zomapanga lokha nsalu, feteleza ndi zophulitsira miyala m'migodi. Kafue inali ndi madzi, njanji, msewu waukulu, ndi magetsi amene ankayembekezeka kuchokera ku Kafue Gorge, kumene makina anayamba kuzungulira mu 1971. Kudzera mu bungwe la INDECO kunabwera Kafue Textiles of Zambia ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inakhazikitsidwa mu 1967 n'kuyamba kupanga mu 1970 pogwiritsa ntchito malasha a ku Maamba. Antchito zikwizikwi anafunika pogona, ndipo Kafue Estates inamangidwira iwowo, patali pang'ono ndi tauni yakale. Inali tauni ya pulani: nyumba zofanana m'mizere, mafulati, zigawo zokhala ndi msika, sukulu ndi mabwalo ake, ndi tinjira ta oyenda pansi tolumikiza zonsezi. Kwa wokonza mpikisano wa mapu, kufanana kwa nyumbako ndi chuma, chifukwa munthu wothamanga ali wefuwefu amasokoneza mzere wachitatu ndi wachinayi, ndipo amene sanachotse chala chake pa mapu ndi amene amatuluka bwino.

Komabe pulani ya zaka za m'ma 1960 singagwire ntchito lero, ndipo apa ndi pamene mbiri ya tauniyi ndi ya masewerawa zikukumana. Lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1992, nsalu zakunja ndi salaula zinadzaza misika, makina a Kafue Textiles anazima m'zaka za m'ma 2000, ndipo fakitale ya feteleza inakhala nthawi yaitali ikupuma movutikira. Kuyambira mu 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo, za boma ndi za makampani ake kwa okhalamo. Mwininyumba amachita zimene walendi sangachite. Amamanga mpanda wa mabuloko, amaonjezera chipinda kumbuyo choti abwereketse, amatsegula kantemba pakona, amadzala chimanga pamene panali kapinga wa aliyense. Kanjira kamene pulani inakasiya kotsegula kamamezedwa ndi mpanda, kwinaku mapazi a ana asukulu akuboola kena kamene palibe anakajambulapo. Zithunzi za m'mwamba ndi OpenStreetMap zimapereka madenga ndi misewu, koma sizinena ngati pansi pa mtengo wa mango uja pali mpata kapena waya waminga. Ntchito imeneyo ndi ya munthu woyenda pansi ndi bolodi ndi pensulo, akuima pa ngalande iliyonse kuyeza ngati mwana angailumphe, akugwedeza geti kuti aone ngati limatsekedwa, akufunsa amayi ogulitsa tomato kuti kodi apa pamadutsidwa Loweruka. Kachigawo ka kilomita imodzi mbali zonse kangamudyere masabata angapo. Ndikuona kuti palibe njira yachidule pamenepa, ndipo kalabu imene ingalengeze ligi isanakhale ndi mapu otere ikhala ikusanja anthu potengera mwayi wawo.

Chachiwiri ndi chilolezo cha eni malo, chimene okonda masewera amachipeputsa kawirikawiri. Venice ndi chitsanzo chowawa. Kwa zaka zambiri mzindawu unkalandira zikwi za othamanga mwezi wa Novembala uliwonse. Mu 2012 tsiku la mpikisano linakumana ndi kusefukira kwa madzi a m'nyanja, anthu othamanga anawaza madzi eni mzinda m'tinjira topanikiza, madandaulo anachuluka, ndipo akuluakulu a mzinda anaumitsa khosi pa zopereka chilolezo m'zaka zotsatira. Mpikisano wotchuka chotere unagwedezeka chifukwa cha kukwiya kwa anthu amene sanali kupikisana n'komwe. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa apo. Mnyamata wachilendo wothamanga kuseri kwa nyumba za anthu, akusuzumira m'mipata atagwira pepala, amaoneka ngati wakuba kapena wotumidwa ndi akuba. Anthu a ku Zambia sanaiwale chiyambi cha chaka cha 2020, pamene mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba anachititsa kuti magulu okwiya aphe anthu ambiri ongowaganizira. Choncho kalata yopita ku polisi ndi ku khonsolo ndi chiyambi chabe. Pafunika kukhala pansi ndi khansala, ndi atcheyamani a msika, ndi ahedi a masukulu, ndi kulengeza m'matchalitchi sabata imodzi tsikulo lisanafike. Pafunika kuti wopikisana aliyense avale nambala yooneka pachifuwa, ndi kuti pa mbendera zina paime anthu a m'chigawo chomwecho, odziwika kwa anansi awo. Wina anganene kuti kulengeza chotere kukuulula chinsinsi cha njira. Sikuulula, chifukwa chimene anthu ayenera kudziwa ndi dera ndi maola, pamene malo a mbendera amakhalabe m'thumba la wokonza mpaka m'mawa wa tsikulo.

Masiku nawo ali ndi eni ake. Mvula ya Novembala mpaka Malichi imadzaza ngalande ndi kusandutsa tinjira kukhala matope, ndipo mapu ojambulidwa mu Julayi amanama mu Febuluwale, chimanga chitatalika pamene panali poyera. Dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Kafue si lothamangira masana. Nyengo yabwino ndi ya Meyi mpaka Ogasiti, koma m'miyezi imeneyi Loweruka ndi Sabata kwa a Seventh Day amene ndi ochuluka m'chigawochi, Lamulungu m'mawa ndi la mipingo inayo, ndipo masana a mpira ku Khosa Stadium palibe angalimbane nawo. Masiku a tchuthi ngati a Heroes ndi Unity kumayambiriro kwa Julayi, kapena la alimi kumayambiriro kwa Ogasiti, amathandiza chifukwa sakhala a mpingo uliwonse. Ku Britain phunziro limene makalabu anatola ndi lakuti ndandanda ya chaka chonse izituluka chaka chisanayambe, ndi kuti mipikisano iwiri ya matauni oyandikana iziikidwa kumapeto kwa sabata amodzi, kuti wochokera kutali alipire ulendo umodzi. Anaikanso lamulo lakuti ana osakwana zaka 16 asawoloke misewu ya magalimoto ambiri. Lamulo limeneli ku Kafue silofunika kukambirana: msewu waukulu wa magalimoto olemera opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, pamodzi ndi njanji, ziyenera kukhala malire a mapu. Pamene kuwoloka msewu wina sikungapeweke, akatswiri anapeza kale njira yake, yoika mbendera mbali zonse ziwiri n'kuchotsa nthawi ya pakatipo, kuti pasapezeke wothamangira kutsogolo kwa minibasi pofuna kupulumutsa masekondi. Opikisana amanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana mphindi imodzi, kuti wina asangotsata msana wa mnzake.

Tikafika pa kusanja opambana tafika pamene mikangano imabadwira, chifukwa mpikisano wa mapu sufanana ndi wa mamita 400. Samuel Matete atapambana ku Tokyo mu 1991, kapena Muzala Samukonga atatenga mendulo ku Paris mu 2024, nthawi zawo zinkatha kuyerekezedwa ndi za wina aliyense pa bwalo lina lililonse. Kuno njira ya lero sidzabwereranso, choncho mphindi 20 za ku Estates sizinena kanthu pa mphindi 20 za ku Shikoswe, chigawo china cha Kafue. Njira zothetsera vutoli zilipo zitatu zodziwika, ndipo iliyonse ili ndi chilema. Yoyamba imapereka mapointi potengera malo: mu ligi ya m'matauni a ku Britain woyamba amalandira 100, wachiwiri 96, wachitatu 93, n'kumatsika choncho. Ndi yosavuta kuimva, koma saona kusiyana pakati pa wogonja ndi sekondi imodzi ndi wogonja ndi mphindi zisanu, ndipo pa tsiku limene kwabwera anthu anayi okha wotsiriza amakolola mapointi ochuluka kuposa wakhumi pa tsiku lodzaza. Yachiwiri imayerekeza nthawi ya munthu ndi ya wopambana: ngati woyamba wamaliza m'mphindi 20 ndipo iwe 25, ulandira 80 pa 100. Imeneyi imalemekeza sekondi iliyonse, koma katswiri akadwala n'kujomba, onse amakwera popanda kuchita bwino kuposa kale. Yachitatu, imene IOF ndi bungwe la ku Britain amagwiritsa ntchito pa mindandanda yawo, imayeza munthu poyerekeza ndi gulu lonse limene wapikisana nalo komanso mphamvu zimene gululo linasonyeza m'mbuyomu. Ndi yolungama kuposa zinzake, ndipo mu 2014 IOF inapatula mndandanda wa sprint pa wa m'nkhalango itaona kuti maluso awiriwa ndi osiyana. Koma imafuna anthu ambiri obwera kawirikawiri, ndi kompyuta, ndipo munthu wamba sangathe kudziwerengera yekha.

Kwa tauni yongoyamba kumene, chilema chomalizachi ndiye chachikulu. Mndandanda umene mwana wa giredi 9 sangathe kuutsimikiza ndi bolopeni kuseri kwa kope umabala mphekesera zakuti alembi akukondera ana awo, ndipo mphekesera zotere zapha makalabu ambiri a masewera osiyanasiyana. Njira yachiwiri ija, ngakhale ili ndi vuto lake, ndi imene ndingaisankhe, chifukwa masamu ake ndi a kusukulu ya pulayimale. Chinanso chimene mbiri yaphunzitsa ndi kusawerengera mipikisano yonse. Mndandanda wa ku Britain umatenga zotsatira 6 zabwino koposa za miyezi 12 yapitayo, ndipo maligi ambiri amawerengera pafupifupi theka la mipikisano ya chaka. Kwa ife lamuloli n'lofunika kwambiri, poti maliro sapangana tsiku, malungo nawonso, ndipo ligi yolanga munthu chifukwa anapita kukaika azakhali ake ikhala ya anthu opanda abale. Pali mfundo inanso yaing'ono koma yoluma: amene wakonza njira sangaithamange, popeza akudziwa pamene mbendera zili. Ngati ligi simupatsa mapointi apakati pa zotsatira zake pa tsiku limene wagwira ntchitoyo, othamanga abwino onse adzakana kukonza, ndipo njira zidzakonzedwa ndi anthu osadziwa masewera. Magulu a zaka nawo asachuluke poyamba. Ku Britain ali nawo kuyambira ana a zaka 12 mpaka nkhalamba zopitirira 75, koma gulu la anthu atatu si ligi. Ana, akuluakulu ndi achikulire, amuna paokha akazi paokha, n'zokwanira.

Chitsutso champhamvu koposa ndi chakuti mwana wobadwira ku Estates safuna mapu a Estates. Amadziwa mpata uliwonse, galu aliyense, ndipo mlendo wa ku Lusaka sangamuthe. Zimenezi n'zoona, ndipo masewerawa akhala akulimbana nazo kuyambira masiku a mapu a asilikali aja. Pa mipikisano ikuluikulu dera limatsekedwa kwa opikisana zaka zingapo tsiku lisanafike, ndipo asananyamuke amasungidwa m'chipinda opanda foni. Kuopsa kwa nkhaniyi kunaoneka ku Wuhan mu Okutobala 2019, pa masewera a asilikali a dziko lonse, pamene timu ya China inachotsedwa zitapezeka kuti inathandizidwa ndi oonerera ndiponso ndi tinjira ndi zizindikiro zokonzedweratu zimene iyo yokha inkazidziwa. Koma munthu sungamuletse kuyenda m'tauni imene amagonamo. Yankho lake lili m'kalendala. Ligi iyenera kuyendayenda: lero Estates, mwezi wamawa Shikoswe, kenaka tauni yakale, Chilanga, kapena zigawo za pulani za ku Lusaka monga Kabwata, Libala ndi Chilenje, kuti aliyense akhale mwinimudzi kamodzi ndi mlendo kangapo. Ndipo kudziwa dera kuli ndi msampha wake. Mwinimudzi amathamanga ndi mapu a m'mutu mwake, amadutsa pakhomo pa mnansi amene amamulola masiku onse, n'kuchotsedwa chifukwa papepala pamenepo mpoletsedwa. Kapena amasankha njira imene anazolowera popita kumsika, pamene pepala likusonyeza ina yaifupi imene sanaiganizirepo.

Chitsutso china ndi cha ndalama ndi cha mpira. Ena adzati tauni imene inalera Patson Daka ku Kafue Celtic mpaka kukafika ku Leicester City ili nawo kale masewera ake, ndipo tizipangizo ta magetsi ta SportIdent kapena Emit, timene akatswiri amavala pachala kuti tilembe nthawi pa mbendera iliyonse, n'todula kwambiri. Tizipangizoto tinabwera m'zaka za m'ma 1990, masewera ali ndi zaka pafupifupi 100. Kale anthu ankaboola kakhadi ndi kachitsulo ka mano kopachikidwa pa mbendera, kachitsulo kalikonse ndi kaboole kake, ndipo wotchi imodzi inkakwanira. Pulogalamu yojambulira mapu ya OpenOrienteering Mapper ndi yaulere, ndipo MapRun, yochokera ku Australia, imalola foni kulira yokha munthu akafika pamalo, popanda mbendera yoti ana aitole, ngakhale kuti kudalira foni kungatseke kunja ana ambiri amene masewerawa akuwafuna. Za mpira, palibe chifukwa cholimbanirana. Timu imalowetsa anthu 11 m'bwalo, pamene pa mapu amodzi pangathamange kalasi yonse, atsikana ndi anyamata, ndi aphunzitsi awo akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo. Ku South Africa, kumene bungwe la masewerawa linakhazikitsidwa mu 1981, maligi a masukulu ndi amene akhala khomo lolowera ana ambiri, ndipo tsiku la dziko lonse la masewerawa, limene IOF inayambitsa mu 2016, linakopa anthu oposa 250,000 chaka choyambacho, ambiri a iwo ana othamanga m'mabwalo a sukulu zawo.

Chimene sindingachikane n'chakuti chaka choyamba anthu adzakhala ochepa, ndipo mapu adzakhala ndi zolakwika zimene zidzaoneke pokhapokha anthu atawathamangira. Pa chifukwa chimenechi nyengo yoyamba isakhale ndi ligi. Nthawi za aliyense zimatidwe pakhoma la sukulu kapena pamsika, madandaulo a geti lotseka ndi ngalande yosajambulidwa alembedwe m'buku, ndipo wojambula abwerere kukakonza mpikisano wina usanafike. Pasankhidwenso munthu mmodzi wosunga mapuwo, woti aziyendera dera lonse mvula ikatha chaka chilichonse, chifukwa ku Estates mipanda ikumangidwabe. Mapointi ayambe kuwerengedwa m'nyengo yachiwiri, mapu a zigawo zosachepera zitatu atayesedwa, malamulo owerengera atalembedwa pa tsamba limodzi n'kugawidwa kwa opikisana mpikisano woyamba usanachitike.